Phazi Limene Silinabwerere

Mu mzinda wonse wa Madras munalibe munthu wodziwa madazi a anthu kuposa Kathirvel. Sikuti anali wometa tsitsi, ayi. Anali wamtali basi, wamtali moti akaima m'khamu la anthu ankaona pamutu pa aliyense monga mmene khwangwala amaonera madenga. Ankamudziwa bwana amene amapesera tsitsi kutsogolo pofuna kukwirira chipululu, ankawadziwanso mayi amene imvi zawayamba chakumbuyo eni ake asakudziwa. Mkazi wake Vadivu akasochera pa chikondwerero cha kukachisi sankavutika n'kufunsa njira. Ankangokweza maso, n'kuona mutu wa mwamuna wake ukuyandama pamwamba pa anthu ngati mphika wotengedwa ndi madzi.

Utali umenewo ndiwo unkamudyetsa. M'masitudiyo a ku Kodambakkam akafuna chiwanda, kapena mlonda wa pachipata cha mfumu, kapena chigawenga choti ngwazi ya m'filimu ichigwetse ndi chibakera chimodzi, ankatuma uthenga kwa Kathirvel. Anafa imfa zamitundumitundu mwana wa anthuyu: kubayidwa ndi mkondo, kuponyedwa m'chitsime, kupondedwa ndi njovu. Koma mawu onse amene analankhulapo m'mafilimu amenewo, mukanawasonkhanitsa, sakanadzaza ndi kapu ya khofi yomwe.

Kenaka kunabwera Ekambaram.

Ekambaram anali wotsogolera mafilimu, kamunthu kakafupi ka maso osaphethira, ndipo m'khwapa mwake munali buku lija limene aliyense anawerenga ali pasukulu, kapena amanama kuti anawerenga. Ndi lija la mphunzitsi amene anatola mwala wogwa kuchokera kumwamba, n'kumagona nawo kunsi kwa pilo, mpaka anayamba kufupika. Poyamba ana asukulu ankangonong'onezana. Kenaka sankafikiranso pa bolodi. Pomaliza ankadya limodzi ndi nyerere ufa wa mpunga umene mkazi wake ankajambulira maluwa pakhomo m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina mkaziyo anamusesa pamodzi ndi zinyalala osadziwa. Ophunzira ankati ndi buku la sayansi. Osaphunzira ankati ndi buku lophunzitsa amuna kulemekeza tsache.

"Thambi," anatero Ekambaram atapendeketsa khosi, pakuti ankamutchula mng'ono wake ngakhale ankamulekeza m'khwapa, "ukudziwa chifukwa chake ndasankha iwe kukhala mphunzitsiyo?"

"Nkhope yangayi, bwana. Akazi amakomoka nayo."

"Amakomokadi, koma osati ndi chikondi. Ndasankha iwe chifukwa munthu wamfupi akafupika palibe amalira. Ine ndikufuna nsanja yoti igwe anthu akuona." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Vuto lako ndi limodzi. Nkhope yako sidziwa mantha. Unakula ukuyang'anira anthu pansi, ndiye sunaphunzire."

"Mantha ndiphunzira, bwana. Ndili pabanja."

Tsiku loyamba kujambula anachita zonse mwa mwambo wake. Wansembe anabwera, kamera anaiveka maluwa ngati mkwatibwi, anaphwanya kokonati ndipo anang'ambika pakati penipeni, aliyense n'kuvomereza kuti ntchito yayamba ndi mwayi. Gawo loyamba linali losavuta: mphunzitsi ali m'tulo pa mphasa, mwala uli kunsi kwa pilo. Kathirvel anagona chagada, miyendo itapitirira mphasa, n'kutseka maso.

Ekambaram anali kudzanja lamanja la Kathirvel, kamera ili kumanzere. Kuzungulira munthu wamtali choncho ndi ulendo wofuna kamba. Ndiye anangokweza mwendo n'kumudumpha pachifuwa.

Situdiyo yonse inati zii. Ngakhale mwana wongoyamba kuyenda amadziwa kuti munthu wogona sadumphidwa, ndipo ukamudumpha mwangozi umabwerera msangamsanga, kuchokera kumene wafika kupita kumene unachokera, kuti umubwezere msinkhu wake.

Kathirvel anatsegula diso limodzi. "Bwana, mwaiwala kanthu pano."

"Chiyani?"

"Phazi lanu. Libwerere."

Anthu anaseka. Ekambaram nayenso anaseka, n'kukweza mwendo kuti abwerere. Koma mwendo uli m'mwamba choncho anayang'ana nkhope ya Kathirvel. Pakamwa pankaseka, maso sankaseka. Ekambaram anatsitsa mwendo wake pomwe anaima pomwepo.

"Ndidzabwerera, thambi. Tsiku lomaliza, tikamadzaphwanya dzungu lotsekera ntchito."

"Aa, bwana, ndi pomwepa apa. Simutuluka nako thukuta."

"Si za ana zimenezo? Iwe ukufuna ukulenso ufike kuti, ukazimitse dzuwa? Tseka maso. Kamera!"

Pa nkhomaliro telala wa pasitudiyo, mdala wina dzina lake Jabbar, anabwera ndi tepi m'khosi, mapini ali pakamwa.

"Achimwene Jabbar, inu mwakhalitsa padziko," anatero Kathirvel ngati wongocheza. "Zodumphanazi zimagwiranso akuluakulu?"

"Ine chimene ndikudziwa ndi chipande cha mayi anga, chimene chinandithyokera pamsana nditadumpha mlongo wanga. Mwana akadumphidwa amasiya kukula. Iwe unasiya kale. Ndiye kaya. Mwina poti njira yokwera inatsekeka, yatsala ndi yotsika." Mdalayo anaseka mpaka pini inagwa pansi. "Tambasula mkono, mlongoti iwe, ukundithera nsalu."

Kufupikitsa munthu m'filimu ndi chinyengo chosavuta: munthuyo sumukhudza, umangokuza dziko. Jabbar ankasoka malaya amodzimodzi, sabata iliyonse okulirapo pang'ono. Akalipentala ankakhoma mpando womwewo, tebulo lomwelo, khomo lomwelo, chilichonse chachikulu kuposa cha sabata yatha. Kathirvel ankazidziwa zonsezi. Ankawaona akupala matabwa, utuchi unkamuyetsemulitsa. Masabata oyamba ankakwera pa mpando waukuluwo miyendo ili lendelende, n'kumaitana amayi ake ndi mawu a kamwana, anthu a magetsi pamwamba paja n'kumagwira nthiti. Ekambaram yekha ndiye sankaseka.

"Ndikukupempha mantha, iwe ukundipatsa mano," ankatero. "Mano ako ndikawagulitsa kuti?"

Zinayamba ndi nkhwaira.

M'mawa wina potuluka, Kathirvel anaponda nkhwaira zake pakhomo n'kumva chidendene chikusambira. Anaziyang'ana. Zinali zomwezo, za chikopa chofiirira, zotha chakumbali monga mwa mayendedwe ake. Koma kuseri kwa chidendene kunali malo oti mungalowetse chala.

"Vadivu! Nkhwaira zangazi wazitani?"

"Ndizitani, ndiziphike?" anayankha ali m'khitchini. "Chikopa chimatambasuka ndi mvula, inu."

Mvula inali isanagwe mwezi wonse umenewo. Kathirvel anayang'ana kumwamba, kunali mbee. Anayenda kupita kokwerera basi zala zakumapazi zitakanirira chikopa kuti nkhwaira zisavuke.

Patapita masiku, unali msomali. Kuseri kwa chitseko kunali msomali wokolekapo malaya, umene anaukhoma yekha chaka chimene analowa m'nyumbamo, molingana ndi phewa lake. Dzanja linkaudziwa osayang'ana. Madzulo ena atafika kuchokera kuntchito anakoleka malaya, malaya n'kugwa pansi. Anakoleka pa khoma. Msomali unali pamenepo ndithu, wadzimbiri lake lomwe lija, koma molingana ndi khutu.

Sanaitane Vadivu. Anatola malaya, n'kuwakoleka mwakachetechete, monga munthu wotseka chitseko cha chipinda muli wodwala.

Kenaka galasi. Moyo wake wonse Kathirvel ankameta ndevu atawerama, chifukwa magalasi a dziko lino amapachikidwa ndi anthu wamba. Tsopano ankangoima n'kuona nkhope yake yonse, mphumi ndi tsitsi lomwe, ndi kamlengalenga pamwamba pa mutu.

Anapita kwa Ekambaram. Anamupeza akudya idili, timikate ta mpunga, kuseri kwa kamera, akunyambita zala.

"Bwana, ija nkhani ya phazi."

"Phazi liti?"

"Mukulidziwa. Ndingogona apa, palibe amene akuyang'ana. Muchokere kumanzere kupita kumanja, basi tathana."

"Wasunganso ndi mbali zomwe?" Maso osaphethira aja anayenda pa nkhope ya Kathirvel pang'onopang'ono, ngati a munthu wosankha mango pamsika. "Chavuta n'chiyani, thambi? Pali chimene chikuchitika kunyumba?"

"Palibe."

"Ndiye dikira dzungu. Mwamuna wamkulu ngati iwe. Kavale, dzuwa likutithera."

Pamene ankatembenuka, Kathirvel anamva Ekambaram akuuza wa kamera chapansipansi kuti lero ayandikize kwambiri kumaso.

Situdiyo inali itasintha tsopano. Mipando anali ataichotsa, chifukwa mphunzitsi wa m'bukumo anali atapitirira msinkhu wa mipando. Panatsala mwendo umodzi wa tebulo, wonenepa ngati tsinde la mkuyu, wokwera mpaka kukasowa mu mdima wa kudenga. Panali kapu yoti munthu n'kusambamo. Panali bokosi la machesi limene akalipentala analipanga molingana ndi thupi lake, ndipo Kathirvel ataligonamo koyamba, wina n'kukankha chivundikiro mpaka pachibwano, phokoso la nyundo linasiya lokha, ndipo kalipentala wina Mkhristu anadzilemba mtanda. Panalinso nalimata wa mphira, wamtali ngati ng'ona, amene amuna anayi ankamukoka ndi zingwe. Aliyense ankadziwa kuti ndi mphira. Koma nalimatayo atatembenuza mutu, diso lake lagalasi n'kumupeza Kathirvel kumene anabisala kuseri kwa kapu, kukuwa kumene kunatuluka pakamwa pake sikunali m'buku.

"Ndi zimenezo!" anafuula Ekambaram. "Ndi zimenezo, thambi! Unkazibisa kuti?"

Mbiri inayamba kuyenda mu Kodambakkam kuti chiwanda chija chimadziwa kusewera. Atsogoleri a mafilimu ena ankabwera kudzasuzumira pakhomo. Anthu amene kale ankamuitana kuti mlongoti anayamba kumuimirira akamadutsa. Kathirvel sankaziona. Iye ankayang'ana mapewa a anthu, kuyerekeza ndi ake. Nthabwala zinamuthera. Ankadya mbale ziwiri za mpunga ngati akumwa mankhwala, koma nsalu ya m'chiuno inkamuzungulira mopitirira tsiku ndi tsiku.

Jabbar ndiye anamuona. Anamukokera m'kachipinda kake ka nsalu n'kutseka chitseko.

"Iwe mwana, ine ndinkangoseka tsiku lija. Pakamwa pangapa pamathamanga kuposa makina anga. Taima apa ndikuyese, nkhani ithe."

"Musandiyandikire ndi tepi imeneyo."

"Tepi sinama."

"Ndi ya pasitudiyo. Pano ndi kapu yomwe imanama."

"Chabwino, pita ku chipatala akakuimike pa thabwa lawo lija loyezera msinkhu."

Kathirvel anayang'ana tepiyo. Kenaka anati, "Nanga akandiuza kuti ndafupikadi?"

Mdalayo anapinda tepi yake pang'onopang'ono n'kuiika m'thumba.

Chimene chinamumaliza chinali khomo la kukhitchini. Khomo limenelo ndi Kathirvel anali adani akalekale. Linkamudikirira m'mawa uliwonse ndipo linkamupeza kawiri katatu pa sabata, pamphumi pomwepo, moti panamera kachotupa kosachoka, ndipo Vadivu akamva kuti gu, ankadziwa kuti yakwana nthawi yothira khofi. M'mawa wina Kathirvel anadzuka mutu uli kwina, analowa m'khitchini osaganiza za khomo, n'kupezeka waima pafupi ndi mbaula. Panalibe gu. Anatembenuka n'kuliyang'ana khomolo. Thabwa la pamwamba linali phee, ndi kamalo kake kakuda kamene mphumi yake inapukuta zaka zonsezi.

"Mwandidzidzimutsa, inu," anatero Vadivu. "Mwayamba kuyenda ngati mphaka?"

Panja, pakhomo, maluwa a ufa wa mpunga anali atajambulidwa kale, ndipo nyerere zinali pamzere. Kathirvel anazilambalala mosamala kwambiri.

Tsiku lomaliza linafika ndi kutentha kwa mtundu wake, kuja kumene akhwangwala amakhala kukamwa yasa. Anajambula gawo la tsache. Tsachelo linali la nsungwi zathunthu zomangidwa pamodzi, lolendewera kudenga pa zingwe, ndipo linkabwera ndi mkokomo ngati mphepo ya mkuntho. Kathirvel anathawa pakati pa mibulu ya ufa yaikulu ngati miyala, anagwa, anadzuka, anayang'ana m'mwamba n'kuitana dzina la mkazi wa m'filimuyo. Koma amene anali pafupi anamva bwinobwino kuti dzina limene linatuluka linali Vadivu. Ekambaram sanaimitse kamera. Tsache linadutsa, fumbi linakwera, ndipo pamene linatsika, amuna akuluakulu a magetsi ankapukuta m'maso.

Anthu anaomba m'manja. Kathirvel sanadzuke. Anangodzikoka mpaka pakati pa bwalo, anagona chagada n'kuwongola miyendo.

"Bwana," anatero, "ndagona kale. Kuchokera kumanzere."

Ekambaram anabwera akuseka, thukuta lili kamukamu, nkhope itafiira ngati njerwa. "Wandipatsa filimu, thambi. Anthu adzakomoka m'mipando. Ndipo ndili ndi nkhani yoti ndikuuze, udzaseka mpaka kudwala."

"Phazi kaye."

"Dzungu kaye. Ndinati tikamaphwanya dzungu. Ine ndi munthu wosunga mawu."

Analibweretsa dzungu lalikulu lotuwa, atathira utoto wofiira m'kati, kamoto kakuyaka pamwamba pake. Ntchito yoliphwanya imakhala ya wantchito wamphamvu, koma tsiku limenelo Ekambaram anali ataledzera ndi chimwemwe, anati aphwanya yekha. Analinyamula movutikira, analizunguliza pamaso pa kamera, pamaso pa anthu, kuchotsa diso loipa la aliyense amene anasirira ntchitoyo. Kenaka analikweza pamwamba pa mutu wake.

Kathirvel, ali chigonere, anaona zonse kuchokera pansi. Anaona mbali imodzi ya nkhope ya Ekambaram ikutsetsereka ngati phula. Anaona mawondo akupinda. Kamunthuko kanakhala pansi mwaulemu, ngati kakupepesa, kenaka kanagwa chammbali. Dzungu linagubuduka, kamoto kanazima, ndipo linakaima pa mwendo wa tebulo uja lili lathunthu, lopanda ndi mng'alu womwe.

Ena anathamangira madzi, ena galimoto. Kathirvel anakwawa n'kugwira mwendo wa Ekambaram, n'kuyamba kuukokera pachifuwa pake.

"Kamodzi kokha, bwana! Ndikuthandizani, ingokwezani!"

Anamuchotsapo amuna asanu. Ekambaram anamwalira dzuwa lisanalowe, osanenanso liwu.

M'mawa mwake Kathirvel anakhala pansi m'chipinda atatsamira khoma. Vadivu anabwera ndi khofi, anaika pansi, koma sanachoke. Maso ake anali otupa.

"Tamverani, inu. Ndili ndi mawu."

Vadivu anakhala pansi pambali pake n'kupitiriza.

"Nkhwaira zija ndinasintha ndine. Anabwera nazo a Ekambaram, zosokedwa ku situdiyo, atazikhula kale pa mwala kuti zioneke zanu. Msomali ndinauzula ndine, bowo ndinamata ndi laimu. Galasi ndinenso." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu yake. "Anati mukapanda kuonetsa mantha akuchotsani, mubwerere koponyedwa m'zitsime mpaka ukalamba. Anati ndi masabata ochepa chabe, tsiku la dzungu tidzakuuzani tonse awiri, tidzaseke. Ine ndinkafuna dzina lanu lilembedwe pamwamba pa chikwangwani, kamodzi kokha. Ndimenyeni ngati mukufuna."

Kathirvel anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa mofatsa, "Nanga khomo unalikweza bwanji?"

"Khomo liti?"

"La kukhitchini."

"Khomo ndingalikweze ine, ndine kalipentala? Inu masiku ano mukuyenda chowerama ngati munthu wotaya singano. Taimani njo muone ngati silikuphwanyani mutu."

Kathirvel anadzuka. Anaima patsogolo pa khomolo n'kuwongola msana. Koma msana ukapindika masabata ambiri, mwini wake sadziwanso pamene umathera. Anakoka mpweya, anatseka maso, n'kuyenda. Chimene chinakhudza thabwa ndi tsitsi lokha.

"Mwapinda mawondo," anatero Vadivu.

"Sindinapinde."

"Mwapinda, ndakuonani ndi maso angawa." Koma sankayang'ana mawondo. Ankayang'ana thabwa.

"Nkhwaira ndi zako, msomali ndi wako," anatero Kathirvel akuvala malaya oyera. "Koma phazi ndi lake. Ndipo masana ano akulitentha pamodzi ndi mtembo."

"Mukupita kukatani? Inu! Ndidikireni!"

Nyumba ya Ekambaram inali kumapeto kwa kanjira kopanikiza, ndipo Kodambakkam yense anali atakhuthukira kumeneko. Ng'oma za maliro zinkalira, anyamata a ng'omazo akuvina monga amachitira, maluwa ali mbwee pansi. M'bwalo munali chithatha cha nsungwi, ndipo pamenepo panagona Ekambaram atakwiriridwa ndi nkhata za maluwa, zala zikuluzikulu za kumapazi zitamangidwa pamodzi ndi kansalu koyera. Anthu ankayang'ana nkhope. Kathirvel ankayang'ana mapazi.

Anaima pafupi ndi chipata, n'kuwerengera mumtima. Mtembo utuluka kuchokera m'bwalo kupita mu msewu. Iye akagona chopingasa pachipata, mutu kumpanda wa kuno, bwalo likhala kumanzere kwake, msewu kumanja. Kuchokera kumanzere kupita kumanja. Anabwereza kawiri kuti asalakwitse. Ngati phazi silingakwezeke lokha, lidutse chonyamulidwa. Kudutsa ndi kudutsa basi.

Akazi anakweza maliro. Chithatha chinakwera pa mapewa. A ng'oma anatuluka pachipata, mwana wa malemu anatuluka ndi kamphika ka moto, ndipo pakati pa iye ndi chithatha panatseguka kampata.

Kathirvel anadziponya pansi, chagada, n'kutseka maso.

Kunamveka kukuwa. "Mchotseni!" "Wapenga ameneyo!" "Ndi chisoni, musiyeni, anali ngati bambo wake!" Onyamula anaima, chithatha chinagwedezeka. Koma chithatha chikakwera pa mapewa sichibwerera m'mbuyo, ndipo sichitsitsidwa pakhomo. Kumbuyo anthu ankakankha. Wina anagwira Kathirvel mwendo, koma kukoka munthu wotere pa chipata chopanikiza sikotheka. Mkulu wina anafuula kuti, "Pitirirani! Pitirirani, mugwetsa maliro!"

Kathirvel anamva mthunzi ukudutsa pankhope pake. Anamva fungo la maluwa ndi lubani. Duwa limodzi linamugwera pakhosi. Kenaka dzuwa linabwerera pa zikope zake.

Manja ambiri anamukokera pambali, khamu linasefukira mu msewu. Kathirvel anakhala tsonga atatsamira mpanda, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri anaseka. Anapuma mpweya wonse wa mu Madras. Ankamva msana wake ukutambasuka ngati nsungwi itachotsedwa katundu.

"Wabwerera," anauza Vadivu, amene anafika n'kugwada pambali pake. "Mochedwa, koma wabwerera. Ndimuuza Jabbar abwere ndi tepi yake."

Vadivu sankaseka. Anali atagwira pakamwa.

"N'chiyaninso?"

"Onyamula aja," anatero chapansipansi.

"Atani?"

"Inu munadzaza chipata chonse. Akanadutsa pati? Awiri pachifuwa, awiri pamiyendo. Akudumphani onse anayi."

Ng'oma zinali zikutalikira. Kathirvel anamugwira mkono.

"Ndani? Wawaona nkhope?"

"Ndinaona miyendo yokha. Nsalu zoyera, onse chimodzimodzi."

Kathirvel anadzuka n'kuthamanga. Ankadziwa, monga aliyense adziwira, kuti onyamula maliro amasinthana mapewa pa mphambano iliyonse, wachibale aliyense ndi mnzake aliyense kulandirako pang'ono, ndipo mphambano yoyamba inali pafupi. Ankadziwanso kuti ochokera kotentha maliro amabalalika osacheuka. Analowa m'khamu ndi zigongono. "Pepani, achimwene. Ndidutse, bambo. Anatulutsa maliro pachipata ndani? Ndani anali kutsogolo?" Ng'oma zinameza mawu ake.

Sanade nkhawa msanga. Anangochita zimene wakhala akuchita moyo wake wonse: anakweza chibwano kuti ayang'ane pamwamba pa mitu, aone chithatha ndi madazi anayi ochinyamula, awasunge m'mutu. Dazi silinamusocheretsepo.

Kutsogolo kwake kunali msana wa munthu, malaya atanyowa ndi thukuta. Kumanzere phewa. Kumanja phewa lina. Anaima pa zala za kumapazi. Anaona makosi.

Mwa mwambo wa kumeneko akazi salondola maliro kupitirira pa ngodya ya msewu. Vadivu anaima pamenepo pamodzi ndi anzake, anaphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa, n'kuyang'ana pamwamba pa khamu, kumene mutu uja unkayandama nthawi zonse. Anayang'ana kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, n'kubwerezanso. Mitu yonse inali yofanana, ikuyenda pang'onopang'ono kutsata ng'oma.